Mmene Nthengu Anachizira Mantha a Tinyade

Padangokhala! Ndati padangokhala, abale inu, kodi makutu mwasiya kumunda? Eya, tsopano ndamva kuti tili tonse.

Panali mudzi wa misulu m'chulu china chachikulu. Mfumu yake inali Gwirize, wamtima wabwino koma wankhawa zosaneneka. Tsamba likangogwa, iye wathamangira kale kuuna. Mlonda wa mudziwo anali Nthengu, kambalame kakuda bii kaja. Pangano lawo linali lakalekale. Nthengu ankakhala pansonga ya mtengo n'kumayang'ana kumwamba, ndipo akaona chiwombankhanga ankakuwa kuti misulu ithawire kuuna. Mphotho yake inali yoti msulu aliyense asakwere mtengo wake kukadya mazira. Inu mukudziwa mmene msulu umakondera dzira. Ndiye pa nthawi imene ndikunenayi, mkazi wa Nthengu anali atakhalira mazira m'chisa.

Koma Nthengu, iii, anali ndi kakhalidwe kake. Kukumba sankatha, koma nkhululu ankazikonda koopsa. Akaona kuti wina wafukula nkhululu yonona, ankakuwa mfuu uja wa chiwombankhanga, kumwamba kulibe ngakhale kanthenga. Misulu yonse balala, kuuna! Iye n'kutsika, nkhululu ija kwapu, n'kubwerera pamtengo kukapukuta mlomo. Misulu ikamasuzumira, iye ankati, "Chapita, tulukani. Mukanachedwa pang'ono bwenzi tikulira maliro." Ndipo misulu, yopusayo, inkamuwombera m'manja.

Mfumu Gwirize inali ndi mlongo wake dzina lake Nankhoma. Nankhoma anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, Tinyade, amene ankayembekezeka kudzalowa ufumu wa malume ake. Tsiku lina Tinyade anatuluka kukaphunzira kukumba. Anakumba, anakumba, mpaka anatulutsa nkhululu yaikulu ngati chala chamanthu. Inali yoyamba m'moyo wake. Atangoti aiike kukamwa, Nthengu anakuwa pamwamba pa mutu wake penipeni. Akuluakulu anathamanga n'kumuponda, mwanayo anagunda mutu pakhomo la una, n'kutsala panja yekha atadzipinda, akudikira kuti zikhadabo zimulowe pamsana. Sizinabwere. Anakwawira mkati, ndipo kuyambira pamenepo sanatulukenso.

Kudya anasiya. Akamubweretsera nkhululu, thupi lonse njenjenje, maso tuzu, kukamwa gwa. Nthiti zinayamba kuonekera.

Mmawa uliwonse Nankhoma ankakhala pakhomo la una n'kuyamba nyimbo. Inali nyimbo yoitana mwana ndi dzina lake, yomuuza kuti dzuwa likumufunsa, kuti anzake amusungira malo pokumba. Mayiyo akatsiriza mzere ankasiya kampata kopumira, kenaka mudzi wonse n'kuvomera ndi kuwomba m'manja, kumupempha kuti atuluke. Nyimbo ikatha onse ankatchera khutu. Kuunako kunali zii.

Pabwalo, Nankhoma anaima n'kuloza mtengo.

"Achimwene, mlonda wanji wochenjeza chiwombankhanga chili kale pamutu pa mwana? Ndikunena pamaso pa nonse. Mwana wanga akafa, pangano lafa. Mtengo uwo ndikwera ndekha, ndipo m'chisamo simutsala ngakhale chikhungwa."

"Mlongo wanga, tafatsa," inatero mfumu, ikupotokola manja. "A Nthengu, inu muli ndi mapiko. Katiitanireni asing'anga a maganizo. Yambani ndi a Kangaude, amene agogo athu ankapitako."

Nthengu anauluka ulendo wa kwa a Kangaude. Taonani msampha umene anadzitchera. Mwana akafa, mazira apita. Sing'anga akafukula chimene chinamuopsa, mazira apitanso, mwina ndi khosi lake lomwe. Anafunika mwanayo achire koma choonadi chisatuluke.

A Kangaude anafika ndi ulusi wawo. Iwo ankakhulupirira kuti khalidwe lonse la munthu lili m'maonekedwe a mutu wake. Ulesi uli ndi malo ake, umbava malo ake, mantha malo ake. Analowa kuuna, anakulunga mutu wa Tinyade uku ndi uku, n'kuima pa chotupa cha pamphumi.

"Ichi n'chiyani?"

Nthengu anayankha msanga ali pakhomo. "Kwawo onse mitu yawo ndi yotero, a sing'anga."

"Ndinadziwa!" anatero a Kangaude potuluka. "Apa ndi pamene pamakhala mantha. Mwanayu anabadwa nawo. Palibe chinamuopsa, ndipo mankhwala ake kulibe."

Mfumu inadzigwira pamphumi. Nduna zinadzigwira pamphumi. Mudzi wonse unayamba kupapasana mitu, wina akulira kale kuti wapeza chake.

"Asa!" anakalipa Nankhoma. "Chotupa chimenecho n'cha tsiku lija, anagunda pakhomo ine ndikuona. Mwana wanga ankagwira zinkhanira kumchira, lero mukuti anabadwa wamantha?"

"Mayi, ine ndinayamba kuyeza mitu inu musanabadwe," anatero a Kangaude, ndipo anachoka mokwiya, ulusi wawo n'kuuiwala pakhomo pomwepo.

Nthengu anapuma, koma mpweya sunafike pamtima. Chinsinsi chinali chitabisika, inde, koma mwana anali asanadye. Mmawa mwake Nankhoma anayambanso nyimbo ija, mudzi unavomera, ndipo kuuna kunangomveka kakutsokomola.

"A Nthengu, pitani kwa a Birimankhwe," inatero mfumu.

A Birimankhwe anayenda pang'onopang'ono mpaka mfumu inatsala pang'ono kukomoka ndi kudikira. Atamva za a Kangaude anaseka.

"Kuyeza mutu kunja ngati dzungu! Zimenezo zinatha kale. Mukuona diso langali? Limayang'ana m'mbuyo. Matenda a maganizo amakhala m'mbuyo, m'zimene munthu anaziiwala dala ali wakhanda. Zimagona pansi pamtima, ndipo zimatulukira m'maloto."

Anamugoneka Tinyade chagada, iwo n'kukhala kumutu kwake kuti asawaone.

"Mwanawe, umalota chiyani?"

Tinyade ananong'ona, koma kuuna mawu amamveka patali. "Ndimalota kambalame kakuda. Kali ndi kukamwa kwakukulu. Kamandilanda chakudya."

Mayo ine! Mfumu inatembenuka kuyang'ana Nthengu. Iye anawerama mwaulemu n'kuti, "A sing'anga, nzeru zanu ine zinandigometsa. Paja m'njira munandiuza kuti chimene munthu walota si chimene walotacho?"

"Ndi zoona, mnyamata iwe uli ndi mutu," anatero a Birimankhwe, thupi likusintha mtundu ndi kunyada. "Mbuli ikalota mbalame imati ndi mbalame. Ife timafunsa kuti mbalameyo yaimira yani. Ndani anayamba kumulanda chakudya mwanayu?"

"Kaya," anatero Nthengu, "mwina pomuletsa kuyamwa."

"Basi! Mbalame yakudayo ndi mayi wake. Anamuchotsa kubere msanga, ndipo mwanayu akumuopa mpaka lero."

Nankhoma anakhala pansi ngati wamenyedwa ndi chibonga. Misozi inatsika. Ine ndikuti zinali zomvetsa chisoni, mayi woimba mmawa uliwonse mpaka kusasa mawu, lero auzidwe kuti matenda ndi iyeyo.

"Nanga achira liti?" inafunsa mfumu.

"Azigona chonchi n'kumandiuza maloto. Zikadutsa mvula zingapo tidzayamba kuona kusintha."

"Mvula zingapo! A sing'anga, mwanayu mwezi uno saumaliza!"

"Ndiye mwandiitana mochedwa," anatero a Birimankhwe, n'kuyamba ulendo wawo, phazi kutsogolo, kuganiza, phazi kumbuyo.

Mmawa mwake Nankhoma anaimbabe, koma mawu akunjenjemera, ndipo ovomera anali atachepa. Ena anali atayamba kale kunong'onezana za kumene adzakumbe manda.

Wachitatu anali a Gulo. Iwowa anaphunzira kwa a Birimankhwe, koma anakangana n'kupatukana, moti atakumana m'njira sanapatsane moni.

"Aphunzitsi anga aja amauza wodwala chimene akudwala," anatero a Gulo. "Ine ayi. Wodwala amadziwa yekha. Chimene amasowa ndi womumvera."

Anakhala pafupi ndi Tinyade, osamugwira, osamufunsa, kumangogwedeza mutu monga achitira. Patapita nthawi, mwana anati, "Ndikuopa."

"Ukuopa," anatero a Gulo, mutu gwede.

"Ndikangomva fungo la nkhululu, m'makutu mumalira mfuu uja."

"Mumalira mfuu uja."

"Koma chiwombankhangacho sindinachione. Nditatsala panja ndinasuzumira ndi diso limodzi. Pansi panalibe ngakhale mthunzi."

"Panalibe mthunzi."

Nthengu anamva zonsezi ali pakhomo. Koma wochenjera saganiza kawiri. Anadikira a Gulo atuluke, n'kuwafunsa mokweza pamaso pa bwalo.

"A Gulo, paja munthu wanjala amabwebweta?"

A Gulo anagwedeza mutu. Nanga akanatani, mutu wawo suima.

"Ndiye zonena za mwanayu n'zanjala chabe?"

Gwede.

"Ndipo inu mankhwala mulibe, mwangobwera kudzabwereza mawu ake?"

Gwede, gwede. A Gulo anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma mfumu inali itagwira kale kumutu.

"Kalanga ine! Mwana akufa, sing'anga akuvomera zilizonse! Aperekezeni."

Anawaperekeza. Koma Nankhoma anamuyang'ana Nthengu nthawi yaitali, ndipo ulendo wotsatira sanamutume iye. Anapita yekha, n'kubwera ndi a Galu.

Misulu itaona galu inathawa, koma uyu anali wokalamba, mano atatha, wothawa kwa anthu kalekale. Anakhala pabwalo, n'kumva zonse zimene anzake aja ananena.

"Zam'mutu ine sindizidziwa," anatero. "Ndani analowamo? Maloto, mtima, zonsezo n'zongopeka. Ine ndimaona chimene thupi likuchita. Tamverani. Kwa anthu kumene ndinali, asanandipatse chakudya ankagogoda mbale n'kuimba mluzu. Poyamba dovu linkatuluka ndikaona chakudya. Patsogolo pake, mluzu wokha, chakudya palibe, malovu chuu. Ndinaphunzitsidwa osadziwa. Mantha nawo amalowa chonchi. Mwanayu anamva phokoso ali ndi nkhululu kukamwa, n'kupwetekedwa. Tsopano nkhululu, phokoso ndi ululu zamangika mtolo umodzi."

"Nanga mtolowo umamasuka?" anafunsa Nankhoma.

"Chophunziridwa chimaiwalitsidwa. Mumupatse chomuopsacho pang'ono kwambiri, pamodzi ndi chimene amachikonda. Akazolowera, muonjezere pang'ono. Koma choyamba ndione ndi maso anga. Mlonda akuwe monga anakuwira tsiku lija, ndione thupi la mwana. Akatero andionetse kumene chiwombankhanga chinatsikira. Mbalame yaikulu ikatsika pafupi chonchija imasiya fungo, ndipo mphuno yangayi sinakalambe."

Abale, Nthengu anaona imfa ikumupatsa moni. Anayang'ana chisa, anaona mchira wa mkazi wake ukusuzumira.

"Ndikuwa, a sing'anga," anatero, "koma kukhosi kwauma. Ndikamwe madzi kaye."

Anauluka n'kukabisala kuseri kwa thengo. Musaiwale kuti Nthengu amatha kutengera mawu a chilichonse, ndipo anakhalapo kumbuyo kwa ng'ombe za anthu akumva abusa. Anaimba mluzu woitana galu, wautali, wokwera kumapeto. Kenaka anatengera kulira kwa mbale, ngwe, ngwe, ngwe.

Makutu a Galu anaima. Malovu chuu.

"Ayi," anatero a Galu, "ine ndinachokako kumeneko. Sindipita."

Mluzu unamvekanso, patali pang'ono.

"Ndati sindipita! Ndikudziwa bwino chimene chikundichitikira!"

Pakamwa pankakana, koma miyendo inali itadzuka kale. Mchira pukupuku, liwiro! Nthengu ankauluka patsogolo, kuimba apa, kuimba apo, mpaka anakawasiya pafupi ndi mudzi wa anthu, kumene ana anawamanga chingwe. Anabwerera ali wefuwefu, n'kufunsa ndi nkhope yosalakwa, "Kodi a sing'anga apita kuti?"

Asing'anga anali atatha. Tinyade sankathanso kudzutsa mutu. Mmawa wotsatira Nankhoma sanapite pakhomo la una. Anakakhala patsinde pa mtengo wa Nthengu, maso ali kuchisa, osaphethira.

"Bambo," ananong'ona mkazi wa Nthengu, "ana ayamba kugogoda m'mazira. Mayi uyo akufuna chiyani pansipa?"

Nthengu ankadziwa bwino chimene mayiyo akufuna. Anathamangitsa onse amene akanamuulula, ndipo pochita zimenezo anathamangitsanso onse amene akanachiza mwana. Anakhala ndwii, mawu a Galu akumuzungulira m'mutu. Chomuopsacho pang'ono kwambiri, pamodzi ndi chimene amachikonda. Chomuopsa chinali kukhosi kwake komwe. Nanga chimene amachikonda? Anayang'ana pansi n'kuona Nankhoma.

Anatsika, koma anaima patali ndithu.

"Mayi, nyimbo yanu ija mwaisiyiranji?"

"Usandiyankhule."

"Mwana amaimva. Ine ndimaona ndikasuzumira kuuna, makutu ake amagwedezeka. Koma pakampata kaja pamene mumapuma, m'pamene mantha amamulowera. Ndiloleni ndizitsekapo ndi kamawu kanga. Zikakanika, mtengo ndi uwu, suthawa."

Nankhoma anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Zikakanika, sindidikira kuti afe," anatero, n'kudzuka.

Mfumu inaitana mudzi wonse. Nankhoma anayamba nyimbo ija, kuitana mwana ndi dzina, kumuuza za dzuwa. Atafika pakampata, Nthengu anaikapo mfuu wa chiwombankhanga, koma waung'ono ngati ntchentche ikutsokomola. Kuuna Tinyade anadzidzimuka. Asanayambe kunjenjemera, mudzi unali utavomera kale ndi manja, ndipo mawu a mayi ake anabweranso. Thupi linakhazikika.

Nyimbo itatha Nthengu anasuzumira.

"Tinyade, wamva bwanji?"

"Ndinaopa pang'ono."

"Unaopa pang'ono," anatero Nthengu, akugwedeza mutu ngati a Gulo. Wakuba ndi wakuba, abale, ngakhale nzeru amaba.

Anatola ulusi uja wa a Kangaude, anamangirira kamwendo ka nkhululu, n'kukatsitsira kuuna nyimbo ili mkati. Tsiku loyamba mwana anangokayang'ana. Lotsatira anakanunkhiza. Kenaka anakanyambita. Tsiku limene anakatafuna, mfumu inalira mokweza mpaka nduna zinachita kuigwira.

Nthengu sanapupulume. Anayenda ngati a Birimankhwe, phazi limodzi, kuima, phazi lina. Tsiku lililonse mfuu unkakula pang'ono, ulusi unkafupika pang'ono, ndipo Tinyade ankasendera kufupi ndi khomo. Tsiku lina Nthengu anakweza mfuu mopitirira, mwana anathawira kumapeto kwa una n'kukana kudya. Nankhoma anangotembenuka kuyang'ana mtengo. Nthengu anayambiranso msanga pa kamawu kakang'ono.

Nyimboyo inakoma, musanene. Ndi kamfuu kaja pakati inachita kutsekemera. Ana ankaiimba posewera, amayi pokumba. Aliyense anadziwa kuti Nthengu akangokuwa, m'pamene pofunika kuvomera ndi kuwomba m'manja. Pomaliza Nthengu ankakuwa ndi khosi lonse, monga tsiku lija, ndipo Tinyade ankangotafuna nkhululu yake, mwendo ukuvina.

Tsiku limene anatuluka, mfumu inalamula chikondwerero. Mudzi wonse unali panja, ndi makanda omwe. Tinyade anaima pakati pa bwalo, wowonda koma maso ali gwa, n'kuyamba kukumba. Nthengu anakwera pansonga ya mtengo, chifuwa chili patsogolo. Mwana wachira, chinsinsi chili chikhalire, ndipo m'chisa dzira loyamba linali litang'aluka. Anadziuza kuti padziko palibe wochenjera ngati iye.

Atakweza maso anaona kadontho kumwamba. Kadonthoko kanakula. Kanapinda mapiko.

Chiwombankhanga! Chenicheni!

Nthengu anakuwa ndi mphamvu zake zonse.

Mudzi wonse unavomera nyimbo, manja phwa, phwa.

Anakuwanso, mpaka kukhosi kunawawa. Misulu inavomera mokweza kuposa poyamba. Mfumu inalowa m'bwalo n'kuyamba kuthyola dansi, Nankhoma akululutira.

"Si nyimbo! Thawani! Si nyimbo!"

Ndani akanamva m'phokoso limenelo? Tinyade anamuyang'ana n'kumwetulira, nkhululu ili kukamwa, osasuntha ngakhale phazi. Anali atamuchiza bwino kwambiri. Ndipo chiwombankhanga chinali chitasankha iyeyo, wowonda woima payekha pakati.

Nthengu anayang'ana chisa. Anayang'ana mwana. Mapiko ankanjenjemera moti anatsala pang'ono kugwa pamtengo. Ndikukuuzani, sanali wolimba mtima, analibe njira ina basi. Anatseka maso n'kudziponya.

Anakagwera pamutu pa chiwombankhanga n'kuyamba kujompha, kujompha, pafupi ndi diso. Chimbalamecho chinadabwa, chinapendama, chikhadabo chinaphonya Tinyade n'kukwapula fumbi. Pamenepo m'pamene misulu inaona mthunzi. Balala! Mfumu inalowa kuuna chamutu, Nankhoma anakoka mwana wake pakhosi. Chiwombankhanga chinatembenuka ndi ukali, chinagwira Nthengu kumchira n'kung'amba pakati, kwee! Iye sanasiye. Anachijompha kumsana mpaka chinatopa n'kubwerera kumene chinachokera.

Anagwa pabwalo ali wefuwefu, mchira uli pawiri, magazi akudontha. Misulu inatuluka umodziumodzi.

"Tikanatha!" inkalira mfumu. "Tinali kuvina imfa ili pamutu! A Nthengu, mwatipulumutsa. Nenani chimene mukufuna."

Nthengu anayamba kukonza kukhosi kuti apemphe nkhululu za tsiku lililonse. Koma Tinyade anabwera n'kuima patsogolo pake.

"A Nthengu, zikomo. Lero mthunzi ndauona, ndi mphepo ya mapiko ndaimva. Tsiku lija kunalibe mthunzi, kunalibe mphepo. Ndipo nkhululu yanga nditaisiya, ndinaona amene anaitola."

Maso onse anatembenukira kwa Nthengu.

"Unadziwa?" anafunsa Nthengu ndi kamawu kakang'ono.

"Ndinauza a Birimankhwe, munapotoza. Ndinauza a Gulo, munati ndikubwebweta. Ndinaona kuti ndikanenanso, amayi akudyani musanandichize."

Nankhoma sanadikire kumva zambiri. Anali atafika kale pakati pa mtengo, mkazi wa Nthengu akukuwa m'chisa.

"Amayi, tsikani!" anaitana Tinyade. "Malume, ndikupempha, mazira asadyedwe. Anandidwalitsa ndi iwowa, anandichiza ndi iwowa, ndipo mchira wawo ndi uwo mukuuona."

"Ndiye tingowasiya?" anafunsa Nankhoma ali pamtengo, mano ali pamtunda.

"Ayi. Mfuu wawo wasanduka nyimbo. Ngakhale akuwe bwanji, palibe adzathawe m'mudzi muno. Ndiye ulonda wa pakamwa watha. Chiwombankhanga chikabwera, azichita zimene achita lerozi. Tsiku limene adzachiyang'ane ali khale pamtengo, amayi mudzakwere."

Mfumu inayang'ana mlongo wake. Nankhoma anatsika pang'onopang'ono, n'kudutsa pafupi ndi Nthengu mpaka ndevu zake zinamukhudza.

"Wamva?" anatero.

"Ndamva, mayi."

Mazira anaswa onse, ndipo ana anatuluka ndi michira yogawika pakati ngati ya bambo wawo. Tinyade ananenepa, anadzalowa ufumu, ndipo nyimbo ija ankaiyambitsa yekha pa chikondwerero chilichonse, koma pakampata paja ankaloza kumtengo, mudzi n'kuseka.

Nthengu ndiye sanaonenso mtendere. Kamtambo kakadutsa, mtima phaa. Tsamba likauluka, mapiko njenjenje. Nkhululu akaiona, ankalephera kuidya. Anapita kwa a Kangaude, anamuuza kuti manthawo anabadwa nawo. Anapita kwa a Birimankhwe, anamuuza kuti abwere pakatha mvula zingapo. A Gulo anamutembenuzira msana, ndipo kwa nthawi yoyamba mutu wawo unaima. Anauluka mpaka kumudzi wa anthu, n'kupeza a Galu ali pachingwe.

"A sing'anga, mantha akundipha. Ndithandizeni."

A Galu anatsegula diso limodzi. "Mankhwala ukuwadziwa, unandibera. Chomuopsacho pang'ono, pamodzi ndi chimene amachikonda."

"Koma chiwombankhanga sichibwera pang'ono! Chimabwera chonse!"

"Ndiye ukaimbe mluzu," anatero a Galu, n'kutseka diso.

Choncho mukadzaona kambalame kakuda ka mchira wapawiri kakuthamangitsa chimbalame chachikulu kumwamba, musati n'kolimba mtima. Kamapita kakunjenjemera, kamabwera kakunjenjemera, chifukwa pansi pa mtengo pali msulu amene akuyang'ana chisa.

Yanga yathera pompa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione msanga, ine ndamva kale fungo lopserera.